Injini ya tuk-tuk ikamatentha mu Johannesburg: gwero la vutoli ndi njira yofikira opanga

Njinga yamoto ya matayala atatu, kaya ndi tuk-tuk yonyamula anthu m'misewu ya Melville ndi Sandton, kaya ndi ija ya bokosi kumbuyo yomwe imagawa katundu m'magolosale, imayendera injini ya msinkhu wa njinga ya kabaza, koma ntchito yomwe imasenzetsedwa ndi ya galimoto. Injini zambiri za njingazi n'za silinda imodzi, zapakati pa 150cc ndi 300cc. Injini yotere ikakhala pa njinga ya matayala awiri nthawi zambiri imakoka chitsulo chosafika makilogalamu 150, ili poyera, mphepo ikuiomba mbali zonse. Pa tuk-tuk imakoka thupi lolemera makilogalamu oposa 300 musanakwere munthu, ndipo woyendetsa ndi okwera atatu akalowa, kulemerako kumapyola makilogalamu 600, injiniyo itatsekeredwa m'kachipinda kunsi kwa mpando wakumbuyo. Amalawi omwe amadyera ntchito ya njingazi muno mu Johannesburg amalidziwa bwino fungo la oyilo wopsa lomwe limabwera pakati pa mtunda, ndipo funso lomwe limawavuta ndi lakuti kodi wolakwa ndi iwo, makaniko, kapena kampani yomwe idapanga njingayo.

Kutentha pakokha si chilema. Pa mafuta omwe injini ya petulo imawotcha, mphamvu yomwe imafika ku matayala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo yotsalayo imasanduka kutentha komwe kuyenera kutayidwa. Kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumalowa m'chitsulo cha silinda ndi hedi, kwina kumatengedwa ndi oyilo. Vuto limayamba pamene kutentha kolowa m'chitsulo kwachuluka kuposa komwe kukuchotsedwa, kotero nkhani yonse ili pa zinthu ziwiri: zomwe zikuchulukitsa moto m'kati, ndi zomwe zikutsekereza njira yake yotulukira.

Ma tuk-tuk ambiri ochokera ku India, monga Bajaj RE ndi TVS King, amazizira ndi mpweya wokankhidwa ndi fani. Faniyo imazungulira limodzi ndi injini, ndipo chophimba chomwe chimakuta silinda chimakakamiza mpweya kudutsa pakati pa zipsepse zomwe zili pa silinda ndi pa hedi. Izi zikutanthauza kuti kuchuluka kwa mpweya woziziritsa kumatsatira liwiro lomwe injini ikuzungulira, osati liwiro lomwe njinga ikuyenda. Woyendetsa yemwe amakwera mtunda wa Northcliff kapena Munro Drive ali pa giya yaikulu, injini ikulira motsika koma mafuta atatsegula onse, pofuna kupulumutsa petulo, amakhala akuchita chinthu choipa kwambiri chomwe injini yotere ingachitidwe, chifukwa moto uli pachimake pomwe fani ikuzungulira mwaulesi. Kutsika giya imodzi kumapangitsa phokoso lochuluka, ndipo okwera ena amaganiza kuti njinga ikuvutika, koma apo m'pomwe injini imapuma.

Munthu akatsegula kachitseko kakumbuyo ka tuk-tuk yomwe yagwira ntchito chilimwe chonse osatsukidwa bwino, n'kuchotsa chophimba chija, amapeza pakati pa zipsepse pali phala lakuda louma, fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala litamatirana ndi oyilo wodontha pa gasiketi, pena timaudzu ndi zidutswa za majumbo zomwe fani idayamwa. Phala limenelo limasunga kutentha m'chitsulo. Amakaniko ena akaona injini ikutentha amachotseratu chophimbacho n'kuchitaya, ati kuti injini ipeze mpweya, osadziwa kuti popanda chophimba mphepo ya fani imangomwazika m'kachipindamo, mbali yakuseri ya silinda osafikako n'komwe. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha injini mwakachetechete, ndipo monga tione, chimaphanso mlandu wa mwini njinga pamaso pa wogulitsa.

Johannesburg payekha amawonjezera vuto lake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira 1,000 pang'ono. Pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tabo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'injini, imataya mphamvu yake ndi 15 mpaka 18 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi momwe ingakokere ku Durban. Mwini galimoto yaikulu sangazindikire zimenezi, koma wa injini ya mphamvu za akavalo 10 alibe chotsalira, kotero amayenda tsiku lonse atatsegula mafuta pafupifupi onse. Mpweya wopepuka womwewo ndi umenenso fani imakankha, ndipo pa kuzungulira kulikonse umanyamula kutentha kochepa kuposa wa kunyanja. Nyengo ya Johannesburg si yotentha kwambiri, popeza mu Januwale masana amakhala pafupifupi madigiri 26, n'chifukwa chake anthu amadabwa kuona injini ikuvutika mumzinda wozizira kuposa Salima. Mitunda ya Witwatersrand, mahampu a m'misewu ya m'makomboni ndi mizere ya magalimoto pa maloboti omwe azima zimathandizana ndi mpweya wopepukawu.

Nkhani ya kabuleta ndi yomwe imasokoneza ambiri. Kabuleta yomwe idachunidwa ku fakitale mogwirizana ndi mpweya wa kunyanja ikafika kuno imapereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini imamwa mafuta, pulagi n'kumada. Msakanizo wa petulo wochuluka sutentha kwambiri, umangowononga ndalama. Chomwe chimachitika n'chakuti woyendetsa yemwe ali ndi ndalama yoti apereke kwa abwana madzulo aliwonse amapita kwa makaniko kukapempha kuti njinga isamamwe, ndipo makaniko amachepetsa petulo mopyola muyeso. Msakanizo wa petulo wochepa umayaka motentha kwambiri, umawotcha valavu ya ekizozi, ndipo nthawi zina umabowola pistoni pamwamba. Kampira kolumikiza kabuleta ndi hedi kakang'ambika, mpweya wolowera pamng'alupo umabweretsa vuto lomwelo popanda wina kukhudza chilichonse. Pulagi imanena zoona pa nkhaniyi: nsonga yofiirira ngati khofi wothira mkaka ndiyo yabwino, yakuda ndi ya petulo wochuluka, pomwe yoyera mbee, makamaka ikakhala ndi timatuza, ndi chenjezo loti injini ikupsa m'kati. Njinga za fuel injection, zomwe kompyuta ndiyo imayeza petulo m'malo mwa kabuleta, zimadzichuna zokha malinga ndi mpweya, kotero vutoli silizigwira motere, ngakhale sensa ikafa nazo zimasokonekera.

Pa injini yozizira ndi mpweya, oyilo amagwira ntchito ziwiri, kutereretsa ndi kunyamula kutentha, koma m'kati mwake mumalowa malita osakwana awiri. Theka la lita likaperewera, oyilo wotsalayo amatentha msanga, amasungunuka, ndipo sathanso kulekanitsa pistoni ndi khoma la silinda. Injini zambiri zotere zili ndi kilachi yomwe imasambira mu oyilo yemweyo, choncho oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala ochepetsa kukhulana amachititsa kilachi kuterereka, kutererekako n'kuwonjezera kutentha kwina. Ndiye chifukwa chake mabuku a njinga zambiri amatchula oyilo wa chizindikiro cha JASO MA. Matapeti othina amalepheretsa valavu kukhala bwino pampando wake, pomwe ndi pampando pomwepo valavu imatayira kutentha. Mabuleki omwe akugwira pang'ono osabwerera, matayala opanda mpweya wokwanira ndi katundu wopitirira muyeso, zonsezi zimangowonjezera mtolo.

Njinga zina zonyamula katundu zochokera ku China, komanso mitundu ina ya ku India monga TVS King Duramax, zimazizira ndi madzi. Izi zimapirira bwino pa mzere wa magalimoto, koma zili ndi misampha yake. Mu Johannesburg madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100, ndipo chomwe chimawaletsa kuwira m'injini ndi chitsekerero cha rediyeta, chomwe chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati n'kukweza malire owirira kufika cha m'ma 120. Kampira ka chitsekererocho kakatha, injini yomwe ilibe vuto lina lililonse imayamba kulavula madzi. Kuthira madzi a pampopi okha m'malo mosakaniza ndi kulanti, mankhwala othira m'madzi a rediyeta, kumabweretsa dzimbiri ndi zokanirira zomwe zimatseka timachubu ta rediyeta. Fyuzi ya fani yamagetsi ikapsa, njinga imayenda bwino pamsewu wotseguka koma n'kuwira ikangoima. Chizolowezi chochotsa themositati, kachitseko komwe kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, sichichiza chilichonse mwa izi, chimangochedwetsa injini kufika pa kutentha kwake koyenera m'mawa wa Juni. Ndipo chitsekerero cha rediyeta yotentha sichitsegulidwa, chifukwa madzi ake amathovoka ndi nthunzi n'kuwotcha nkhope ndi manja.

M'pofunikanso kusiyanitsa kutentha komwe munthu akumva ndi kutentha komwe kukuwononga injini. Wokwera yemwe akumva mpando ukufunda sanapereke umboni wa chilema. Zizindikiro zenizeni ndi mphamvu kuchepa injini ikatentha n'kubwerera ikazizira, kaphokoso ka tsetsetse pokwera mtunda, utsi wa oyilo, nyale yochenjeza, ndi kuzima kwadzidzidzi kotsatidwa ndi kukana kulira mpaka papite mphindi zingapo. Kuzima kotereku nthawi zambiri ndi pistoni yomwe yafufuma n'kugwira, ndipo woyendetsa akamaiumiriza, mapeto ake ndi injini kunoka. Kuithira madzi ozizira ili yotentha kumatha kupindika kapena kung'amba hedi.

Zonse zomwe zatchulidwazi zikakhala bwino, njinga ili yatsopano, sevisi ikuchitika pa nthawi yake, katundu ali m'malire a buku, koma injini n'kumatenthabe, mwini wake ali ndi chifukwa chomveka cholozera chala kwa opanga. Koma ayenera kumvetsa kuti fakitale ya ku India kapena ku China siilankhula ndi munthu mmodzi wa ku Rosettenville. Pakati pawo pali kampani yoitanitsa njingazo m'dziko muno, ndipo pansi pake pali wogulitsa. Dandaulo limakwera makwerero amenewa, ndipo limakwera ngati pepala, osati ngati mawu apakamwa. Opanga akalandira madandaulo ofanana ambiri, amatumiza kwa ogulitsa malangizo a kakonzedwe, monga kusintha jeti ya kabuleta, kabowo komwe petulo amadutsira, kuika pulogalamu yatsopano mu kompyuta ya injini kapena kusintha chophimba, ndipo malangizo oterewa kawirikawiri salengezedwa kwa anthu, amangogwiritsidwa ntchito pa njinga yomwe yabwera ndi dandaulolo. Kuitanitsa njinga zonse kuti zibwerere kukakonzedwa kumachitika makamaka pamene pali chiopsezo ku moyo, monga moto kapena mabuleki, osati pa kutentha kongofupikitsa moyo wa injini.

Nthawi zambiri yankho lenileni la opanga limabwera m'njinga ya chaka china. Ngakhale pa njinga zodula za matayala atatu, zija anthu opeza bwino amakwera Lamlungu polowera ku Hartbeespoort, zidayenda chomwecho: Harley-Davidson idatulutsa Tri Glide ya 2009 ndi injini yozizira ndi mpweya, ndipo kuziziritsa mahedi ndi madzi kudabwera ndi njinga za 2014. Yemwe adagula kale sapatsidwa injini yatsopanoyo. Choncho kudikira kuti fakitale idzakumbuka n'kutaya nthawi, ndipo nthawiyo ndi yomwe lamulo la South Africa limawerenga.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limakhudza malonda ochitika m'dziko muno, ndipo silifunsa kuti wogula ndi nzika ya dziko liti. Gawo 55 limati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wogwira ntchito, wopanda chilema, komanso wokhalitsa nthawi yoyenera. Gawo 56 limati mkati mwa miyezi 6 chilandirireni katunduyo, ngati walephera kufika pa muyezo umenewu, wogula akhoza kumubweza popanda chilango, ndalama zobwezera zili kwa wogulitsa, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula. Ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amavomera kukonzeredwa kachitatu ndi kachinayi, pomwe gawo lomwelo limati ngati wogulitsa wakonza koma vutolo osatha kapena lina n'kuoneka mkati mwa miyezi 3, ayenera kusinthitsa kapena kubweza ndalama. Chitetezo chimenechi chimabwera pamwamba pa waranti ya kampani, ndipo udindo wake uli pa wopanga kapena woitanitsa, wogawa ndi wogulitsa. Makampani ang'onoang'ono nawo amatetezedwa ngati mtengo wa katundu wawo sufika R2 miliyoni, ndiponso ndalama zomwe amapanga pachaka sizifika R2 miliyoni.

Pali kachigawo kena ka Gawo 55 komwe ogula njinga za bizinesi ayenera kukagwiritsa ntchito asanalipire. Wogula akauza wogulitsa momveka ntchito yomwe akufuna kuti katunduyo azigwira, ali ndi ufulu woyembekezera kuti katunduyo aikwanitsa. Munthu yemwe walembetsa pa pepala logulira, kapena watumiza uthenga wa pa WhatsApp n'kuusunga, kuti njingayo izinyamula makilogalamu akutiakuti m'mitunda ya Johannesburg tsiku lonse, watseka kale khomo lomwe ogulitsa amakonda kuthawira, lonena kuti njingayo sidapangidwire ntchito yolemera.

Makomo ena othawira ndi enieni, ndipo si chilungamo kuwabisa. Chitetezo cha Gawo 56 sichigwira pa katundu yemwe wasinthidwa mosemphana ndi malangizo, kotero chophimba chotayidwa, kabuleta yochunidwa pansi pa mtengo, themositati yochotsedwa ndi bokosi lowotchereredwa kuti likule zimapatsa wogulitsa yankho losavuta. Njinga yogulidwa kwa munthu wamba yemwe sachita malonda a njinga, monga zambiri zotsatsidwa pa Facebook, siili pansi pa lamuloli, ndipo nthawi zambiri imagulitsidwa voetstoots, wogula n'kuitenga ndi zilema zake. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti pali kupanda chilungamo komwe lamulo silingakonze: wogulitsa akhoza kusunga njinga masabata angapo, woyendetsa alibe cholowa m'thumba koma lendi ikumudikira, pomwe makaniko wa pakona angaidzutse tsiku lomwelo. Munthu sangadzudzulidwe posankha kudya lero, komabe ayenera kudziwa mtengo wa chisankhocho, chifukwa sipanala ya makaniko ikangokhudza injini ya miyezi iwiri, ufulu wobwezeredwa ndalama za njinga yonse umakhala pachiswe. Vuto lina n'lakuti woyendetsa, yemwe amamva injini ikusintha kaliridwe, nthawi zambiri si mwini njinga, ndipo mapepala ali kwa abwana omwe amangofuna ndalama ya tsikulo. Woyendetsa wanzeru amawalembera abwanawo uthenga tsiku lomwe vuto layamba, kuti injini ikadzanoka mlandu usadzagwere iye.

Umboni umamangidwa ndi zinthu zazing'ono. Popereka njinga kwa wogulitsa, wolemba jobu khadi amakonda kungolemba kuti injini iyang'anidwe, ndipo khadi yotereyo siitchula kutentha paliponse. Mwini njinga aumirire, mwaulemu, kuti palembedwe kuti injini imatentha ndi kuzima ikayenda mtunda wakuti, ndi anthu angati, pa makilomita angati, kenako ajambule khadiyo asanachoke. Wogulitsa akamanena kuti waiyesa ndipo sanapeze vuto, nthawi zambiri amakhala kuti waizungulitsa pabwalo ilibe katundu, choncho ndi bwino kupempha kuti makaniko wawo akwere nawo pa mtunda womwe vutolo limaonekera. Kachipangizo koyezera kutentha kolozera patali, komwe kamapezeka m'mashopu a masipeya, kamapereka nambala yomwe ingajambulidwe pa vidiyo pamodzi ndi makilomita. Malisiti a oyilo ndi buku la sevisi lodindidwa zimayankha funso loyamba lomwe wogulitsa aliyense amafunsa.

Wogulitsa ndi woitanitsa akakana kapena akangokhala chete, dandaulo limapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi ya ku Pretoria yomwe idavomerezedwa kuweruza mikangano ya malonda a magalimoto. Kupitirira apo kuli National Consumer Commission ndi National Consumer Tribunal, ndipo lamuloli limafuna kuti njira zimenezi ziyesedwe kaye munthu asanapite ku khoti, komanso kuti dandaulo liperekedwe zisanathe zaka 3. Njirazi n'zochedwa. Chomwe chimazipatsa mphamvu ndi kuchuluka kwa odandaula, chifukwa njinga imodzi yotentha imatchedwa kusasamala kwa woyendetsa, koma njinga khumi za mtundu umodzi, za manambala a chasisi oyandikana, zonse zopsa valavu pa makilomita ofanana, ndi nkhani yomwe woitanitsa amakakamizika kuitumiza ku fakitale. Magulu a oyendetsa omwe amasonkherana kale ndalama za maliro ndi za matenda angathe kusunganso mndandanda woterewu. Ngati kutenthako kwafika poyambitsa moto, nkhaniyo imalowa mu Gawo 60, lomwe limapatsa National Consumer Commission mphamvu zokakamiza kuti katundu woopsa aitanitsidwe, ndi Gawo 61, lomwe limaika udindo wa kuvulala ndi kuwonongeka kwa katundu pa wopanga, woitanitsa, wogawa ndi wogulitsa.

Waranti ikatha, mwini njinga ali ndi ufulu wokonza momwe akufunira, ndipo kuika karediyeta ka oyilo pa injini yomwe ilibe, kutsegula njira ya mpweya wolowa m'kachipinda ka injini ndi kufupikitsa nthawi yosinthira oyilo zimathandizadi. Gawo 57 limapatsa sipeya yatsopano kapena yokonzedwanso yomwe galaja yaika, pamodzi ndi ntchito yoikirayo, chitsimikizo cha miyezi 3, koma chimenechi chimagwira bwino pokhapokha pali lisiti.

Omwe amagula njingazi kuno n'kuzitumiza kumudzi kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza ayenera kuwerengera nkhani ya mtunda mobwerera. Kabuleta yomwe idachepetsedwa petulo kuti igwirizane ndi mpweya wa Johannesburg ikafika ku Mangochi, pa mamita pafupifupi 500, imakhala ikupereka petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya wolemera wa kumeneko, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe malo ena sakwana mamita 100 ndiponso kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, kusiyanako kumakula kwambiri. Njinga yomwe inkayenda bwino ku Turffontein ikhoza kuwotcha valavu m'masabata oyamba, ndipo kuibweza kwa wogulitsa wa ku South Africa kungadye ndalama zoposa za injini yatsopano. Jeti yoyambirira ya ku fakitale iyenera kusungidwa ndi kutumizidwa limodzi ndi njingayo, ndipo wolandira kumudzi auzidwe kuti aibwezeretse ndi kuyang'ana pulagi asanayambe kunyamula anthu.